Ndakatulo ya kuthawa nkhondo: kodi ndime yachitatuyi yagumula kayendedwe kake?

Nangozo, Bembeke

Ndikupempha nzeru kwa aphunzitsi anzanga a Chichewa ndi onse okonda ndakatulo. Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Dedza, ndipo mtsikana wina wa Fomu 3 walemba ndakatulo imene tikufuna kuti akalakatule pa tsiku lotsekera sukulu. Iye anabadwa nkhondo ya ku Mozambique itatha kalekale, koma agogo ake ndi mmodzi mwa anthu amene anathawa ku Angonia mu 1986, ndipo zimene walembazi anazimva kwa iwo. Wandilola kuti ndiiike pano popanda dzina lake.

Tinasiya moto ukuyaka,
Tinasiya mphika ukubwata,
Tinasiya mbuzi zikulira,
Tinasiya khomo losatseka.

Mwezi unabisa nkhope yake,
Minga inabaya zala zathu,
Mwana kumsana sanalire,
Ambuya anati tisacheuke.

Kumbuyo phuu!
Ife balala!
Mdima bii,
Mtima phaphapha,
Kenaka zii.

Kutacha tinaona msewu,
Akuti tsidyali ndi Malawi,
Chinenero chake ndi chomwechi,
Moto uja adzasonkhe ndani?

Mnzanga amene amaphunzitsa mabuku a Chingerezi ataiwerenga anayamikira ndime yoyamba chifukwa chakuti mizere yonse inayi ikuthera pa liwu limodzi la a, koma anati ndime yachiwiri ndi yachinayi zataya mgwirizano wa maliwu, ndipo yachitatu yagumula kayendedwe konse, moti mwanayo ayenera kuilembanso kuti mizere yake italike ngati inzake. Anayesanso kugawa mizereyi monga amachitira ndi ndakatulo za Chingerezi, momwe phatikizo lopepuka limatsatana ndi lolemera kasanu pa mzere umodzi, ndipo zitakanika anagamula kuti ndakatuloyi ilibe muyeso uliwonse. Ine khutu langa likukana zimenezi, chifukwa mwanayo akamailakatula ndimamva kuti ikuyenda mwadongosolo ndithu, koma ndikusowa mawu oti ndimufotokozere mnzangayo, ndiponso oti ndiwapatse ophunzira amene adzakumane ndi mafunso otere pa mayeso a MSCE chaka chamawa.

Palinso nkhani ya zomwe ndakatuloyi ikudzutsa mumtima mwa womvera. Nditafunsa m'kalasi, ena anati ndi ya chimwemwe popeza othawawo anapulumuka n'kufika kwa anthu oyankhula chiyankhulo chawo, pomwe ena anati ndi ya chisoni kuyambira poyamba mpaka pothera. Sindikufuna kuuza mwana kuti asinthe chinthu chimene chili bwino kale, komanso sindikufuna kumuyamikira chabe chifukwa nkhaniyo ndi yomvetsa chisoni. Kodi inu mukuiona bwanji?

Jere, Ntcheu pa boma (mphunzitsi wopuma)

Mayi Nangozo, khutu lanu silikunama, ndipo ndikupemphani kuti ndime yachitatuyo musaikhudze. Ndiyamba ndi mgwirizano wa maliwu, popeza ndi pamene mnzanuyo wayamikira chinthu chosafunika kuyamikira kwenikweni. M'Chichewa mawu onse amathera pa lembo la liwu, ndipo malembo a liwu tili nawo asanu okha. Pamwamba pa apo aneni athu ambiri amathera pa a. Munthu akhoza kulemba mizere makumi awiri yothera pa a iye asakudziwa n'komwe kuti watero. M'Chingerezi mawu amathera m'njira zambirimbiri, choncho kupeza awiri ogwirizana ndi ntchito, ndipo n'chifukwa chake anzathu amaona mgwirizanowo ngati luso lalikulu. Chimene chamanga ndime yoyamba ya mwanayu si a wa kumapetoyo ayi, koma chibwereza cha "Tinasiya" kumayambiriro kwa mzere uliwonse, monga momwe nyimbo zathu za pamtondo ndi za pamaliro zimachitira, pomwe mawu amodzi amabwerera ndipo chosintha chimakhala dzina la chinthu chotayikacho.

Ngati tikufuna kumva mgwirizano weniweni m'chiyankhulo chathu, tiyenera kubwerera m'mbuyo phatikizo limodzi. Tikafika pothera pa chiganizo kapena popumira, timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo ndi pamenepo pamene khutu limagwira. Nenani mokweza kuti "ukuyaka" ndi "ukubwata" ndipo mumva kuti mwakoka "ya" ndi "bwa", onse awiri pa liwu la a. Tsono yesani zomwezo pa ndime yachinayi imene akuti ilibe mgwirizano. Mu "msewu" mukukoka "se", mu "Malawi" mukukoka "la", mu "chomwechi" mukukoka "mwe", ndipo mu "ndani" mukukoka "nda". Maliwu okokedwawo akuyenda e, a, e, a, mzere woyamba kugwirizana ndi wachitatu, wachiwiri ndi wachinayi, ndipo "Malawi" ndi "ndani" akugwirizana pa maliwu onse awiri otsiriza. Kwa ine ndime imeneyi ndiyo yolukidwa bwino kuposa yoyamba ija, ngakhale kuti diso longoyang'ana lembo lomaliza silingaone.

Za muyeso, mnzanuyo wafunafuna chinthu chimene kwathu kulibe. Chichewa sichisinthanitsa maphatikizo opepuka ndi olemera. Chimene tili nacho ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene kumasiyanitsa ngakhale matanthauzo a mawu, pamodzi ndi kukoka kumene ndatchula kuja. Muyeso wathu, ukakhalapo, umapezeka powerenga maphatikizo, ndipo njira yachidule ndi kuwomba m'manja kamodzi pa phatikizo lililonse. Mukatero mupeza kuti mizere itatu ya ndime yoyamba ili ndi maphatikizo 10, ogawika mofanana: anayi, awiri, anayi, ndipo wachiwiri wokha ndiwo uli ndi 11, popeza m wa mu "mphika" ndi phatikizo palokha. Ti-na-si-ya, mo-to, u-ku-ya-ka. Ndime yachinayi nayonso ili ndi 10 pa mzere uliwonse.

Pa ndime yachiwiri pali malo awiri amene amapunthwitsa owerenga. Mzere wa "Mwana kumsana sanalire" ena aupeza ndi maphatikizo 9 chifukwa aiwala kuti m wa mu "msana" ndi phatikizo palokha, lotsalira pa "mu" wakale, monganso mu "msewu", "mdima" ndi "mtima". Tikati ku-m-sa-na, mzerewo ukwana 10. Pomwe m wa mu "mbuzi" saima payekha, amamatirira ku lembo lotsatira. Mzere wa "Ambuya anati tisacheuke" papepala uli ndi 11, koma palibe munthu woyankhula bwino amene amalekanitsa a wothera "Ambuya" ndi a woyambira "anati"; awiriwo amalowana pakamwa, ndipo mzerewo umamveka wa 10.

Tsono fikani pa ndime imene akuti yagumukayo. "Kumbuyo phuu" ndi asanu tikawerenga liwu lokokedwalo kawiri, "Ife balala" asanu, "Mdima bii" asanu, "Kenaka zii" asanu. Mwanayu sadataye muyeso, adangoudula pakati, ndipo adaudula pamalo pamene anthu ayamba kuthamanga, mpweya ukuperewera. Taonaninso kuti m'ndime yonseyi mulibe mneni ngakhale mmodzi. Muli mvekero wokhawokha, popeza wothawa alibe nthawi yomanga chiganizo. Mzere umodzi wokha, "Mtima phaphapha", ndiwo uli ndi 6, ndipo ine ndingausiye choncho, chifukwa ndi mtima wokhawo umene ukupitirira muyeso.

Chimodzi chaching'ono: ife akale tikadalemba "tidasiya" ndi "tidaona" monga tidaphunzirira, ndipo ndi momwenso ambiri amayankhulira kuno m'chigawo chapakati, koma izi sizisintha chiwerengero cha maphatikizo. Mwanayo asankhe njira imodzi n'kuitsata.

Maseko, Lizulu

Zikomo a Jere chifukwa cha kuwerengako, kumene ine sindikadatha. Ine ndiyankhapo pa funso lachiwiri lija, la chimwemwe kapena chisoni, popeza zaka zimenezo ndidali mnyamata wamkulu ndithu ndipo kwathu ndi m'mphepete mwa msewu umene mwanayu akuutchula.

Ophunzira amene akuti ndakatuloyi ikuthera pa chimwemwe akuganiza ngati kuti othawawo adapita kutali, kudziko lachilendo kumene adayamba moyo wina. Sizidali choncho kuno. Msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu m'malo ambiri ukuyenda pamalire penipeni, moti pa msika wa Lizulu munthu akangodumpha tala ndiye kuti waponda ku Mozambique. Malirewo adagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo adadutsa pakati pa anthu amodzi, Achewa ndi Angoni okwatirana, olira maliro limodzi. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo idayamba mu 1977, koma chikhamu chachikulu chidalowa kuno cha mu 1986, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondoyo Malawi idasunga othawa oposa 1 miliyoni. M'maboma ena adali m'misasa, koma kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri adangolowa m'midzi, n'kupempha malo omangapo kwa mafumu ndi kwa abale awo.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi cha madzulo. Kukamada, amayi ndi abambo ena ankabwera kudzaima m'mbali mwa msewu atafunda zitenje ndi mabulangete chifukwa cha chisanu chathu chija, n'kumayang'ana kutsidya. Sankayang'ana dziko ayi. Munthu ankaloza ndi chala kuti mtengo uwo ndi wa pamunda panga, pakhonde la phiri apo ndi pamene pali manda a amayi. Ena ankalimba mtima n'kuzemba usiku kukakumba mbatata kapena kukathyola chimanga m'minda yawo yomwe, ndipo si onse ankabwerera. Choncho ndikamva mzere wakuti "Chinenero chake ndi chomwechi", sindikumva chitonthozo chokha. Ndikumva munthu wodabwa kuti wafika pamalo pamene zonse zikufanana ndi kwawo, moni yemweyo, nsima yomweyo, koma iye wasanduka wopempha. Mawu akuti "Akuti" pa mzere wachiwiri akuonetsanso zomwezo: woyankhulayo sakuona kusiyana kulikonse, akungouzidwa ndi ena kuti pano ndi dziko lina.

Mzere wa "tisacheuke" nawonso ndi wolemera kuposa momwe ukuonekera. Mwana wa kuno amadziwa kuti munthu amauzidwa kuti asacheuke akamachoka pamalo pamene wasiya chinthu choopsa, monga potaya mankhwala pamphambano, ndipo wopita ku tchalitchi akumbukiranso mkazi wa Loti. Ambuyawo akulamula kuti mudzi wawo womwe auyese malo osayenera kuyang'ananso. Koma ndakatuloyi yonse ndi kucheuka: ikuyamba ndi kuwerenga zotsala m'mbuyo, ndipo ikutha ndi funso la moto wotsala m'mbuyo. Thupi lidamvera ambuya, mtima sudamvere.

Ine ndingauze ophunzira kuti zomveka mumtima zikusintha ndime ndi ndime, kuchoka pa kudandaula, kupita pa mantha obisa, kenaka mantha oonekera, ndipo pothera pali mpumulo wosakwanira wosakanizika ndi kupukwa kwawo. Mgwirizano wa mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 ndipo ambiri adabwerera m'zaka ziwiri zotsatira, koma woyankhula m'ndakatuloyi waima pa m'mawa woyamba uja, asakudziwa kuti padzapita zaka zisanu ndi chimodzi. Mwanayu wachita bwino kusaikamo za kubwererako.

Phiri, Lobi

Ine ndine wamng'ono pakati panu, makolo anga, koma ndimalakatula m'misonkhano ndi m'maukwati, choncho ndiloleni ndiyankhule ngati munthu amene amaima kutsogolo kwa anthu. Ndikugwirizana ndi a Jere kuti ndime yachitatu isasinthidwe, koma pali ziwiri zimene ndikusiyana nawo pang'ono.

Choyamba n'chakuti mgwirizano wa maliwu a kumapeto tisaupeputse kwambiri. N'zoona kuti a yekha ndi wotchipa, koma omvera athu masiku ano, amene azolowera ndakatulo za pa wailesi ndi nyimbo za achinyamata, amasangalala mlakatuli akagwirizanitsa maphatikizo awiri athunthu, ndipo kutero kumafuna luso. Choipa chimabwera pamene munthu wapotoza chiganizo kapena walowetsa mawu osafunika pofuna kuti mzere uthere pomwe akufuna. Mtsikanayu sanagwe m'mbuna imeneyo, ndipo "yake" ndi "tisacheuke" akutsekera ndime yachiwiri mbali zonse ziwiri popanda kukakamiza. Ndikuopanso kuti tikamuuza mwanayu kuti walemba 10, 10, 5, 10, ayamba kuwerenga zala polemba ndakatulo yotsatira, pomwe iyi waitulutsa ndi khutu. Kuwerengako n'kothandiza ife osanthula ndi olemba mayeso, koma iye auzidwe kuti apitirize kulakatula mokweza chilichonse chimene walemba.

Chachiwiri, palibe amene wadzudzulapo kanthu, pomwe Mayi Nangozo anapempha kuti tisangoyamikira. Kwa ine mzere wofooka ndi "Mwezi unabisa nkhope yake". Kupatsa mwezi nkhope ndi chinthu chimene ophunzira onse amachita akangophunzira kuti mlakatuli amatha kusandutsa chinthu kukhala ngati munthu, ndipo ndaumva mzere wotere kambirimbiri. Mizere ina yonse ikutchula zinthu zimene munthu anazigwira kapena kuzimva pathupi, mphika, minga, mwana kumsana, koma uwu wokha ndi wokongoletsa. Afunsenso agogo akewo kuti kumwamba kunali bwanji usiku umenewo, ndipo alembe chimene ayankhe.

Pa kalakatulidwe, ndikupempha kuti asakuwe pa "phuu", monga amachitira ana ambiri pofuna kudzidzimutsa anthu, chifukwa omvera aseka ndipo ndakatulo yonse ithera pomwepo. Mfutiyo ikulira kumbuyo, patali, choncho liwu likhale lotsika ndi lokoka. Afulumire pa "Ife balala" ndi pa "Mtima phaphapha", ndipo akanena "zii" aime osayankhula kwa nthawi yokwana kupuma kawiri asanayambe "Kutacha". Funso lomalizalo asalikweze ngati akufuna yankho.

Nangozo, Bembeke

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Tinayesa kuwomba m'manja m'kalasi monga ananenera a Jere, ndipo ophunzira anatsutsana kwa nthawi yaitali pa "kumsana" mpaka mnyamata wina ananena mawuwo pang'onopang'ono atatseka milomo pa m, onse n'kumva kuti dzanja liyenera kuwomba pamenepo. Mnzanga wa Chingerezi uja analipo ndipo wavomereza za muyeso, ngakhale akuumirirabe kuti akanakonda ndime yachiwiri ikanathera pa e mizere yonse inayi.

A Phiri, mtsikanayo anakafunsa za mwezi uja. Agogo ake anamuuza kuti mwezi unalipo ndithu, wowala kwambiri, ndipo anakhala m'munda wa chimanga kuseri kwa mudzi kudikira kuti ulowe asanayambe ulendo, poopa kuoneka. Anamuuzanso kuti mwana wa kumsanayo ndi mayi ake a mtsikanayu, amene nthawiyo anali asanayambe kuyenda. Tsono wasintha mzerewo kuti ukhale "Tinadikira mwezi ulowe". Ndawerenga ndapeza maphatikizo 10, koma mgwirizano wa "yake" ndi "tisacheuke" umene munautchula watayika, ndiponso mzerewu sukugawika ngati inzake. Kodi a Jere mukuona kuti tapindula kapena tataya?

Jere, Ntcheu pa boma (mphunzitsi wopuma)

Mwapindula, mayi. Mzere watsopanowu ukugawika pakati penipeni, "Tinadikira" asanu ndi "mwezi ulowe" asanu, kutanthauza kuti khutu likulandiriratu muyeso wa asanu umene udzalamulire ndime yachitatu, ndipo kudukako kukafika sikumveka ngati kwagwa kuchokera kumwamba. Liwu la e kumapeto likadalipo pa mizere itatu mwa inayi, ndipo "zathu" asiyidwe momwemo ngakhale mnzanuyo akudandaula, chifukwa palibe mawu othera pa e amene anganene za zala zobayidwazo popanda kupotoza chiganizo. Chinanso n'chakuti tsopano ndime yachiwiri ikuyamba ndi "Ti-" monga yoyamba, choncho anthu omwe aja amene adasiya moto ndiwo akudikira, ndipo mwezi wasiya kukhala wochita zinthu.

Pali kanthu kamodzi koti mwanayo aganizire. Ngati adakhala m'munda kudikira, ndiye kuti mphika wobwata uja ndi mbuzi zolira adali kuzimva ali chapafupi, ndipo mwina angafune kuwonjezera mzere umodzi wonena zimenezo pakati pa ndime yoyamba ndi yachiwiri. Akauyesa n'kuona kuti ukuchedwetsa ulendo, ausiye. Kwa ophunzira a mayeso, auzeni kuti akafunsidwa za kayendedwe ka ndakatulo ngati iyi atchule chiwerengero cha maphatikizo, aonetse pamene chasintha, ndipo afotokoze chimene chikuchitikira woyankhula pamalo pomwepo.